Udzu Umene Ndinaulera Ndekha ku Chowe

Ine khasu sindinakule nalo, ndipo ndiyambire pamenepo kuti wina asadabwe ndi uchitsiru umene ndifotokoze pano. Ndinabadwira ku Malindi, m'mphepete mwa nyanja, ndipo manja anga anazolowera nkhafi ndi chingwe cha ukonde. Nsomba zitayamba kusowa, mwini ukonde amene ndinkamugwirira ntchito anagulitsa zida zake zonse n'kupita ku Joni, ife n'kutsala manja lende padoko. Apo n'kuti nditakwatira kale mkazi wa kumtunda, ku Chowe, yemwe ndinadziwana naye akubwera kudzapikula usipa. Tinali ndi ana awiri ndipo m'nyumba munalibe kanthu. Tsiku lina iye anangoti, "Tiyeni kwathu, munda ulipo." Ndinanyamula mphasa, wailesi ndi manyazi anga, n'kupita kukakhala mkamwini.

Mundawo unali wabwino, wa dothi lakuda, m'munsi mwa phiri. Unali wa apongozi anga aakazi, ndipo anaupereka kwa mkazi wanga chifukwa ndiye mwana wamkazi woyamba. Mng'ono wake analandira chigawo cha kumtunda, chamiyala. Tsiku lotionetsa malire tinayenda ndi amjomba a mkazi wanga, mlongo wawo wa apongozi, amene amayang'anira mbumba yonse. Ndi munthu wofatsa, wosaphonya swala kumzikiti, ndipo sindinawamvepo akukweza mawu. Tinayambira pamtengo wa mango mpaka kukafika pachulu, ndipo pamenepo anaima n'kundiyang'ana.

"Akamwini, munda uwu sunagonepo tchire chiyambire. Mukaulima ndi wa mkazi wanu ndi ana anu. Mukausiyira udzu, m'mbumba muno muli ena amene akulifuna dothi limeneli."

Ndinayankha kuti ndamva, amjomba. Tinalibe malo ena pansi pano, choncho mawuwo anandilowa.

Chaka choyamba ndinaona zakuda. Mkazi wanga ankamaliza kupalira mizere itatu ine ndikadali pakati pa woyamba, lilime lili panja. Manja amene ankakoka chingwe tsiku lonse anatuluka matuza tsiku lachiwiri. Mkamwini mnzanga, mwamuna wa mng'ono wake wa mkazi wanga, kamunthu kakafupi kobadwa ndi khasu paphewa, ankadutsa m'malire n'kumafuula, "Asodzi, mwapha zingati lero?" Ndinkaseka nawo, koma mkati ndinkapsa.

Pa udzu wonse wa m'mundamo, chimene chinandizunza ndi chigombe. Chimamera chogona, tsinde lake ndi lophwatalala, loyera kunsi, ndipo mizu yake imagwira nthaka ngati waya. Ukachizula ndi manja chimakusiyira masamba okha. Ukachitema ndi khasu mvula n'kugwa tsiku lomwelo, m'mawa umachipeza chadzuka. Chikakhwima chimatulutsa ngala yonga zala za nkhuku, yodzaza ndi timbewu tochepa kuposa mawere, toti sungatiwerenge. Ndinkachitukwana m'Chichewa ndi m'Chiyao momwe, ngakhale Chiyao changa chinali chakuphunzira.

Chaka chachiwiri ndinatsikira ku boma kukagula feteleza, ndipo m'sitolo ina ndinaona sipuleya yoberekera kumsana ndi mabotolo a mankhwala ophera udzu. Wogulitsa anandilongosolera bwinobwino: mvula ikagwa udzu n'kumera, udzale chimanga, ndipo chisanatuluke m'nthaka upopere munda wonse. Muyeso wake ndi tikapu tinayi m'sipuleya yodzaza madzi. Anandichenjeza kuti mankhwalawa sasankha, chilichonse chobiriwira chimene achikhudza chimafa. Ndinagulitsa wailesi ija, n'kukwera phiri nditabereka sipuleya ngati mwana.

Patatha sabata nditapopera, udzu wonse unali wachikasu, kenako unauma ngati wawauka ndi moto, chimanga chili biriwiri pakati pake. Anthu ankapatuka panjira kudzaona. Apongozi anafika m'malire n'kugwira pakamwa. Ine ndinkangozungulira manja ali kumbuyo, ngati mwini esiteti. Chaka chimenecho nkhokwe inadzaza, ndipo mkamwini mnzanga uja anasiya kundifunsa za nsomba. Kunena zoona, m'moyo mwanga monse sindinadzimvepo kukhala munthu ngati chaka chimenecho.

Chaka chachitatu ndi pamene ndinayamba kudzikumbira dzenje. Ku Chowe, monga kwina kulikonse, chimene mkamwini wagula si chake yekha. Apongozi salankhula nane maso ndi maso pa zinthu zotere, anatuma mkazi wanga: kodi bambo sangapopereko kadimba kawo? Mlamu wanga nayenso anapempha. Kenako azakhali ena a tsidya la mtsinje. Botolo ndinali nalo limodzi, lokwanira munda wathu wokha, ndipo mkamwini wokana apongozi sindinamuonepo. Ndinakhala pansi n'kuganiza kuti madzi sagulidwa. M'malo mwa tikapu tinayi ndinathira tiwiri, ndipo botolo limodzi linazungulira minda inayi.

Udzu unafabe. Unachedwerako masiku angapo, koma unafa. Ndinayamba kuuza anthu pamsika kuti ndawatulukira eni masitolo, amachulutsa muyeso dala kuti tizigula mabotolo ambiri. Ena aja atalawa chaka chimodzi anabwerera ku makasu awo, chifukwa m'minda mwawo amasakaniza nandolo ndi mtedza ndipo ankaopa kuwauka. Ine ndinatsala ndi nzeru zanga za tikapu tiwiri, chimanga chokhachokha, mankhwala omwewo, munda womwewo, chaka ndi chaka.

Koma cholakwa chachikulu sichinali chimenecho. Chaka chachitatu chomwecho, udzu wina wonse utauma, pafupi ndi chulu panatsala timagulu ta chigombe tobiriwira, apa kamodzi, apo kamodzi, toti ukanatha kutizula usanamalize kuimba nyimbo imodzi. Mkazi wanga anatenga khasu kuti akatichotse. Ndinamuletsa.

"Siyani, mayi. Kunyanja tikakoka ukonde, nsomba zimene zapulumuka sitizilondola m'madzi. Timadziwa kuti tidzazipeza mawa. Iti tidzatipeza chaka chamawa."

"Udzu si nsomba, bambo. Tikatisiya tikhwima."

"Ndati siyani. Anthu akakuonani ndi khasu m'munda wopopera anena chiyani? Anena kuti mankhwala a asodzi alephera."

Mawu achiwiriwo ndiwo anali enieni, oyambawo anali chovala chabe. Mkazi wanga anandiyang'ana, n'kuika khasu paphewa, n'kubwerera kunyumba. Timagulu tija tinakula popanda wotipanikiza, tinadya feteleza wa chimanga changa, n'kutulutsa zala zake zija. Chilimwe chitafika tinachita zimene aliyense amachita popanga mizere: mapesi ndi udzu wouma tinaziika m'khwawa n'kuzikwirira ndi dothi kuti ziwole. Timbewu tonse tija tinatifotsera tokha, ndi manja athu, pamalo penipeni podzala chimanga.

Chaka chotsatira pachulu paja panatsala chigombe chotambalala ngati mphasa ziwiri. Chaka chinacho chinafika theka la njira yopita kumtengo wa mango. Ndinabwerera ku tikapu tinayi mwakachetechete, osauza munthu. Chinafota, chinachita chikasu m'nsonga, ndipo patatha masiku chinaphukanso kuchokera pakati. Zokolola zinayamba kutsika, ine n'kumanamizira mvula ndi feteleza. Amjomba anadutsa kamodzi akuchokera kumzikiti, anaima pachulu nthawi yaitali, n'kungonena kuti, "Akamwini, udzu uwu wayamba kukuzolowerani." Ndinaseka ngati akunena nthabwala. Iwo sanaseke.

Kenako chinafika chaka chimene sindifuna kuchikumbukira koma chimandikumbukira chokha. Mvula inayamba bwino. Tinadzala, ndinapopera muyeso wonse, n'kuyamba kuwerenga masiku. Tsiku lachisanu ndinapita kukaona. Chisoso chinali chitafota, bonongwe atagona, khovani atachita chikasu. Chigombe chinali biriwiri kuyambira pachulu mpaka pamango, chothithikana ngati bwalo la mpira. Ndinadziuza kuti mawa chisintha. Tsiku lachisanu ndi chiwiri, lachikhumi, ndinkapita m'mawa ndi masana, kukagwada pansi n'kumayang'ana tsamba limodzilimodzi kufunafuna chikasu. Chimanga chinatuluka n'kupeza malo atatengedwa kale. Chinali chowonda ngati singano, ndipo kuti uchione unkayenera kupatula udzu ndi manja.

Ndinatenga botolo n'kutsikira ku boma mtima uli phuphuphu. M'sitolo muja ndinalankhula mawu oti sindingawalembe pano. Ndinati andigulitsa madzi a mumtsinje wa Shire atawathira mtundu. Anthu anasonkhana pakhomo. Wogulitsayo sanakwiye, anangoti, "Bambo, katsala m'botolomo kakayeseni pa udzu wina, osati wa m'munda mwanu. Ukapanda kufa mubwere mudzanditukwanenso."

Ndinachitadi zimenezo. Kuseri kwa nyumba yathu, panjira yopita kuchitsime, pamamera chigombe chomwecho, chimene sichinaonepo mankhwala chiyambire. Ndinasakaniza sipuleya imodzi, theka ndinapopera panjirapo, theka linalo ndinakapopera pachulu, tsiku lomwelo, dzuwa lomwelo. Patatha sabata cha panjira chinali chitauma mpaka mizu, ukachigwira chimangofumbutuka. Cha pachulu chinali chitatulutsa masamba atsopano. Ndinakhala pansi pachulupo. Ndikanakonda mankhwala aja akanakhala achinyengo, chifukwa ndikanakhala ndi munthu womuloza chala.

Mkazi wanga ndi amene anakaitana alangizi a zaulimi. Anabwera panjinga yamoto, mayi wa msinkhu wapakati, nsapato zake zili matope okhaokha. Anayenda m'mundamo, anazula chigombe n'kuyang'ana mizu, kenako anandifunsa mafunso ngati kupolisi. Mwapopera zaka zingati? Mankhwala ake omwewa? Muyeso wake wotani? Udzu wotsala osafa mumatani nawo? Ndinkayankha chogwetsa nkhope. Pa funso lomalizalo mkazi wanga anayang'ana kumbali.

"Mankhwala sanasinthe, bambo," anatero alangiziwo. "Wasintha ndi udzu, ndipo mwausintha ndinu. Chigombe sichibadwa chofanana chonse. Pa chambirimbiri chimene chimamera, pamapezeka china chochepa chobadwa cholimba, choti mankhwala ochepa sachipha. Kale chinkapanikizidwa ndi chinzake, sichinkaoneka n'komwe. Inu munapha chofooka chonse, n'kusiyira cholimbacho munda, feteleza ndi dzuwa. Chinabereka ana. Chaka chotsatira munaphanso ana ofooka n'kusiya olimba. Mwakhala mukusankha mbewu, monga amayiwa amasankhira chimanga chodzala m'nkhokwe, kungoti inu mumasankha udzu."

"Nanga nditani, amayi? Ndiwonjezere muyeso?"

"Pamene chafikapa, ngakhale muthire botolo lonse mungotaya. Chaka chino gwirani khasu, ndipo chigombe chisakhwime ngakhale chimodzi. Mukazula muzichitulutsa m'munda, osachikwirira. Chaka chamawa musadzale chimanga, dzalani mtedza kapena soya, muzipalira. Aliponso mankhwala ena opha mwa njira ina, koma si a chimanga chamsinkhu uwu, ndipo nawonso mukawazoloweza mudzabwerera pomwepa. Mbewu zili m'dothimu ndi zambiri. Zitenga zaka."

"Zaka ndilibe, amayi."

"Ndiye musawonjezere mavuto. Musayerekeze kupopera mankhwala amenewa pakati pa chimanga."

Tinagwira makasu. Langa ndinalipeza kuseri kwa nkhokwe litachita dzimbiri, mpini utadyedwa ndi chiswe. Mkazi wanga apo n'kuti ali ndi mwana wakhanda kumsana, wachitatu wathu. Tinkayamba kukangocha mpaka dzuwa kupendeka, kutema, kukutumula dothi kumizu, kusenza milu ya udzu kukataya kunja kwa munda. Mvula chaka chimenecho inkagwa tsiku lililonse masana. Tikamaliza mizere khumi, tikacheuka, yoyamba ija yabiriwira kale ndi chigombe chatsopano chochokera m'mbewu zija tinafotsera. Tinkakhala ngati tikukapa madzi m'bwato lobooka pansi.

Tsiku lina ndikuweramuka kuti ndiwongole msana, ndinaona munthu kumapeto kwa munda, chakumango, akupalira yekhayekha. Anali apongozi. Mayi wokalamba, wodwala mawondo, amene anapereka mundawo kuti apume, anali atawerama m'matope akutema udzu umene ine ndinaulera. Sanandipatse moni ndipo sanandidzudzule. Ndinafuna kupita kukawalanda khasulo, koma mkamwini sachita zimenezo, ndiponso tinkawafuna manja awowo. Ndinaweramanso n'kumapalira misozi ikugwera pakhasu. Ndinachita manyazi oti sindinawamvepo.

Sabata zitatu tinalimbana nacho, ndipo tinali tisanafike ngakhale theka la munda. Chimanga cha kumene tinali tisanapalire chinali chachikasu, chofika m'mawondo pamene cha anzathu chinali m'chiuno. Mwana wakhanda uja anayamba kutentha thupi, ndipo m'mawa wina mkazi wanga anapita naye kuchipatala. Ndinatsala ndekha pakhomo. Ndinayang'ana khasu, ndinayang'ana sipuleya itapachikidwa pakhonde. M'botolo lachiwiri, limene ndinali nditagula ndisanakumane ndi alangizi, munali modzaza.

Mawu a alangizi aja ndinkawakumbukira bwino lomwe, ndisaname. Koma munthu amene wasowa mtengo wogwira amadzinamiza mosavuta. Ndinati iwo aja amanena za muyeso wa pabotolo, sanayesepo tikapu khumi. Ndinati chimanga ndichiteteza. Ndinadula chigubu chapulasitiki n'kuchimangirira kukamwa kwa sipuleya ngati chipewa, kuti mankhwala azigwera pansi pokha. Ndinathira tikapu khumi, mpaka madzi ananunkha moti maso ankandiyabwa, n'kulowa m'mizere imene tinali tisanapalire.

Mphepo ya kunyanja ndimaidziwa. Mwera ndimaumva usanafike, ndimauonera pamadzi ndi pamitambo. Ya kuphiri sindinaiphunzire. Pamene ndinkayamba kunali bata, tsamba silinkagwedezeka. Dzuwa litakwera pang'ono kamphepo kanayamba kutsika m'phirimo, kozizira bwino, ndipo ine ndinkangokamva kukoma pathukuta. Ndinaona ndithu kankhungu ka mankhwala kakuuluka kuchokera pansi pa chigubu chija. Ndinaona, koma ndinali nditamaliza kale mizere yambiri, ndipo ndinadziuza kuti n'kochepa. Ndinapitiriza mpaka botolo linatha, kenako ndinatsuka sipuleya n'kuipachika pamalo pake ngati sinachoke.

Mkazi wanga sindinamuuze. Masiku anayi ndinakhala ndi chinsinsi changacho, ndikudya osamva kukoma. Tsiku lachisanu chimanga chinayamba kuyera kuchokera mumtima, masamba atsopano akutuluka otuwa, opotoka. Sichinathere pamizere ndinapoperayo pokha. Mphepo ija inali itanyamula mankhwala kupita nawo kumunsi, kumene tinapalira ndi manja, kumene apongozi anawerama. Kumeneko dothi linali loyera bwino ndipo chimanga chinali chitayamba kubwerera. Nachonso chinayera. Chigombe chinapsa m'nsonga, chinagona masiku angapo, kenako chinadzuka.

Mkazi wanga anayenda mzere umodzi kuchokera kumango mpaka pachulu, mwana ali kumsana, akugwira chimanga chilichonse ngati akuona odwala. Atafika pamene ndinaima ananunkhiza dzanja lake.

"Mwapopera."

"Ndimafuna ndikupeputseni, mayi."

"Tsiku ndinapita kuchipatala lija?"

Ndinavomera ndi mutu.

"Zaka zonsezi anthu akamakusekani ine ndimakuikirani kumbuyo. Amayi akadandaula ndimati dikirani, bambowa akudziwa chimene akuchita. Munda ndi wanga, bambo. Simukanandifunsa?"

Sanalire ndipo sanakuwe. Ndikanakonda akanandigenda ndi chibuma. Anamasula mwana n'kumumanganso bwino, anatola khasu lake n'kupita kwa amayi ake, ndipo anabwerako kutada.

Tinayesa kubwereza kudzala m'mipata, koma nyengo inali itapita. Zimene tinakolola chaka chimenecho tinazinyamula m'madengu owerengeka, zitsononkho zazing'ono ngati chala. Nkhokwe sitinaikonze n'komwe. Pofika nthawi yozizira tinali titayamba kale kudya kamodzi patsiku, ndipo ine ndinkatsikira kunyanja kukapempha ganyu wokoka ukonde kwa anyamata amene ndinawaphunzitsa ndekha kupalasa. Mundawo unatsala uli chigombe chokhachokha chokhwima, ngala zili mbuu, timbewu tikuyoyokera pansi mphepo ikawomba. Aliyense wodutsa panjira ankauona.

Amjomba anatiitana tsiku Lachisanu atachokera kumzikiti. Tinakhala pakhonde la apongozi: iwo pampando, apongozi ndi ana awo aakazi pamphasa, ine ndi mkamwini mnzanga chapatali pang'ono. Ndinali nditakonzekera kukalipiridwa, ndipo ndinali nditakonza ndi mayankho omwe. Iwo sanandipatse mpata wowagwiritsa ntchito.

"Sitinabwere kudzaimba munthu mlandu," anatero. "Zimene zachitika aliyense waziona. Alangizi akuti dothi lija lifuna zaka zingapo za khasu, popanda chimanga. Akamwini aakulu, inu khasu limakuvutani, tisanamizane. Mwana wathuyu ali ndi wakhanda. Tikausiya munda uja m'manja mwanu chaka china, udzuwo ulowa m'minda ya ena. Ndiye musinthane. Wamng'ono ndi mwamuna wake atsikire kumunsi. Inu mukwere kumtunda."

Ndinayamba kulankhula. Ndinati andipatse chaka chimodzi chokha, sipuleya ndiitaya, ndidzagona m'mundamo ngati n'kofunika. Ndinagwada ndithu, pamaso pa mkamwini mnzanga. Ndinati ngati ndi chilango andithamangitse ine ndibwerere ku Malindi, koma munda usachoke kwa mkazi wanga, chifukwa iye anafuna kuzula udzuwo ukadali wochepa ndipo ndinamuletsa ndine. Aka kanali koyamba kunena zimenezi pagulu.

Amjomba anatembenukira kwa mkazi wanga. "Mwana wanga, munda ndi wako. Ukuti bwanji?"

Iye anayang'ana mphasa. Kenako anati, "Ndamva, amjomba. Atsikire." Mng'ono wake anayamba kulira, ndipo mkamwini mnzanga, amene ndinkayembekeza kuti amwetulira, anangoyang'ana pansi n'kumakanda dothi ndi kamtengo. Panalibe ndi mmodzi yemwe woti ndimude.

Tsopano tikulima kumtunda, m'miyala. Khasu likamenya pansi limatulutsa moto, ndipo chimanga chake sichitifikitsa ngakhale pa Khirisimasi. Mkazi wanga sanandithamangitse. Amandiphikira, amandiyankha ndikamufunsa, koma nkhani ya munda wa kumunsi sitiikamba. Mkamwini mnzanga anadzala mtedza chaka choyamba, soya chachiwiri, ndipo amalowa m'mundamo kukangocha, iye ndi mkazi wake, kuzula chigombe chisanatulutse ngala n'kukachitentha kumsewu. Chikuchepa. Chaka chino wabwezeretsa chimanga mbali ina ndipo wadzalamo maungu m'mphepete.

Mwezi wathawu kunyumba kunalibe ndiwo. Ndinkachokera kotema nsungwi, ndikutsika ndi kanjira kodutsa pamwamba pa munda uja, pamene ndinaona mkazi wanga ataima m'malire, kambale kali m'manja. Iye sanandione. Mng'ono wake anali mkati, akubandira. Mkazi wanga sanalowe. Anaima pomwepo, pamunda umene anabadwiramo, umene anaupalira kuyambira ali kamtsikana, n'kuwomba m'manja.

"Odi kuno! Ndimati ndipempheko nkhwani."

Mng'ono wakeyo anaponya khasu pansi. "Achemwali, mpaka odi? Mpaka kupempha? Lowani muthyole mmene mungafunire."

"Ayi, ndingothyola apa pomwe."

Anawerama n'kuthyola masamba a mphukira zimene zinayanga kutulukira kunjira, okwana ndiwo za tsiku limodzi. Phazi lake silinaponde mzere. Atamaliza anathokoza mng'ono wake kawiri, mwaulemu wonse, n'kuyamba kukwera kubwerera kumiyala. Ine ndinakhala kuseri kwa thengo nsungwi zili paphewa mpaka atadutsa, chifukwa sindikanatha kukumana naye panjira imeneyo.